Nyumba Yosunga Mafupa a Zilombo Zakale: Mbiri ya Natural History Museum ya ku London

Mu 2031, Natural History Museum ya mumzinda wa London idzakwanitsa zaka 150 chitsegulireni zitseko zake ku South Kensington. Ambiri amaidziwa chifukwa cha mafupa a madinosaur amene ana a sukulu amakhamukira kukaona. Koma zimene zili poonekera ndi kachigawo kakang'ono chabe. M'zipinda zotseka, m'makabati ndi m'madirowa muli zinthu pafupifupi 80 miliyoni, ndipo pafupifupi 7 miliyoni mwa izo ndi zotsalira za zamoyo zakale zimene zinakwiririka m'nthaka n'kusanduka miyala: mafupa, mano, zigoba, masamba, ngakhale mapazi amene nyama inadinda m'matope. Ntchito yeniyeni ya bungweli ili m'madirowamo. Chinthu chimasungidwa pamodzi ndi kapepala konena kumene chinachokera, kuti munthu amene lero sanabadwe adzachitulutse n'kuchiyezanso ndi nzeru zimene ochifukula analibe. Koma luso losungali bungweli silinabadwe nalo.

Chiyambi chake ndi dokotala wina wolemera, Sir Hans Sloane, amene moyo wake wonse ankatolera zomera zouma, tizilombo, zigoba, miyala, mabuku ndi ndalama zakale. Mu 1687 anakagwira ntchito ku Jamaica, ndipo pambuyo pake anakwatira mayi wamasiye amene ankalandira chuma kuchokera ku minda ya nzimbe ya pachilumbacho, yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Gawo la ndalama zimene Sloane anagulira zinthu zake linachokera m'thukuta la akapolowo. Pomwalira mu 1753 anasiya zinthu zoposa 71,000, ndi wilo yonena kuti boma lizitenge likalipira ana ake £20,000. Nyumba ya Malamulo inavomera, ndalama zinapezeka kudzera mu lotale, ndipo mu Januwale 1759 British Museum inatsegulidwa m'nyumba yotchedwa Montagu House, ku Bloomsbury. Cholinga chinali chakuti zinthuzo zisamwazikane, zikhale za mtundu wonse, ndipo wofuna kuphunzira aliyense azizipeza. Kulowamo kokha kunali ntchito: munthu ankayamba walemba pempho, n'kudikira tikiti, kenako n'kuyendetsedwa mothamanga m'kagulu kochepa.

Zaka zoyambirirazo sizinakomere zachilengedwe. Mtima wa akuluakulu a British Museum unali pa mabuku ndi ziboliboli za Agiriki ndi Aroma, pamene zikopa za mbalame ndi mabotolo a njoka zinkangounjikidwa m'zipinda zapansi zachinyezi, mmene njenjete ndi nkhungu zinkaziwononga. Msungi wa dipatimenti ya zachilengedwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, George Shaw, ankatulutsira zowolazo pabwalo n'kuzitentha, ndipo zina anazigulitsa ku koleji ya madokotala a opaleshoni. Lipoti la mu 1833 linasonyeza kuti mwa tizilombo 5,500 tolembedwa m'kaundula wa Sloane, panalibe n'kamodzi komwe kotsala. Zina mwa zimene zinapulumuka bwino ndi miyala, poti mwala njenjete siidya.

Miyalayo ndi imene inali pafupi kusokoneza maganizo a anthu. Nthawi imeneyo ambiri ku Ulaya ankakhulupirira kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 6,000 zokha, ndiponso kuti palibe mtundu wa nyama umene unatheratu. Zigoba za m'nyanja zikapezeka pamwamba pa phiri, ankati ndi zotsala za Chigumula. Koma mu 1796, ku Paris, Georges Cuvier anayerekezera mano ndi nsagwada za njovu za ku Africa ndi za ku India ndi za chinjovu chakale cha ku Siberia, n'kusonyeza kuti cha ku Siberiacho chinali mtundu wina umene kulibenso padziko. Ku England nako nthaka inali kugalauzidwa kuposa kale lonse, pokumba ngalande zoyendamo mabwato, migodi ya malasha ndi miyala yomangira. Mmodzi mwa oyeza malo a ngalandezo, William Smith, mwana wa wosula zitsulo, anazindikira kuti muyalo uliwonse wa miyala uli ndi zigoba zakezake, moti zigobazo zikhoza kukuuza muyalo umene unayamba kuyalidwa. Mu 1815 anasindikiza mapu a miyala ya England ndi Wales. Ngongole zinam'panikiza, ndipo anagulitsa zotolera zake ku British Museum pa £700. Ndalamazo sizinam'pulumutse, mu 1819 analowabe m'ndende ya angongole. Zigoba zakezo zilipobe mpaka lero.

Dzina limene mlendo amakumana nalo pakhoma la zokwawa za m'nyanja masiku ano ndi la Mary Anning, koma iye ali moyo silinkalembedwa kawirikawiri. Anabadwa mu 1799 ku Lyme Regis, katauni ka m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England, m'banja losauka la kalipentala. Bambo ake atamwalira mu 1810, banjalo linkadya potola zigoba zosanduka miyala m'munsi mwa maphompho n'kumagulitsa kwa alendo. Mu 1811 mlongo wake Joseph anapeza chigaza chachitali chokhala ngati cha ng'ona, ndipo patapita miyezi Mary, ali ndi zaka 12, anapeza thupi lake. Mwini malowo anachigula pa mapaundi pafupifupi 23, chinakaonetsedwa ku London, ndipo mu 1819 British Museum inachigula paokushoni. Charles Konig, Msungi amene analowa m'malo mwa Shaw, ndiye anachitcha Ichthyosaurus.

Ntchito ya Mary inali yoika moyo pachiswe. Nthawi yabwino yofufuza inali yachisanu, namondwe akangogumula phompho, ndipo ankayenera kuchotsa mafupawo mafunde asanawakokolole. Mu 1833 dothi linagumuka n'kukwirira galu wake pafupi ndi pomwe iye anaima. Kumapeto kwa 1823 anafukula Plesiosaurus wathunthu, wakhosi lalitali moti Cuvier mwiniwake poyamba anakayikira kuti mwina wina walumikiza mafupa a nyama ziwiri. Ataona umboni anavomereza. Mu 1828 Mary anapezanso chokwawa chouluka, choyamba kupezeka kunja kwa Germany. Amuna ophunzira ankabwera kudzagula ndi kudzafunsa nzeru, n'kukalemba nkhani zawo osamutchula. Bungwe la Geological Society of London, kumene zopeza zakezo zinkakambidwa, linayamba kulandira amayi ngati mamembala mu 1919, patatha zaka 72 iye atamwalira ndi khansa ya m'mawere. Pa timapepala ta m'myuziyamu pankalembedwa dzina la bwana amene wapereka kapena kugulitsa chinthucho, osati la amene anachikumba. Chizolowezi chimenechi tidzachionanso nkhaniyi ikafika ku Africa.

Pamtunda napo zinthu zinali kutuluka. Mu 1824 William Buckland wa ku Oxford anafotokoza nsagwada ya chilombo chodya nyama chimene anachitcha Megalosaurus. Chaka chotsatira Gideon Mantell, dokotala wa ku Lewes, analengeza za Iguanodon, ataona kuti mano amene anapezeka m'dzenje lokumbamo miyala ku Sussex akufanana ndi a buluzi wa iguana, kungoti ndi aakulu kowirikiza kambiri. Pakati pa mafupawo panali limodzi losongoka, ndipo Mantell analiika pamphuno ngati nyanga ya chipembere. Chidwi cha miyala chinam'thera nthawi ya odwala, ntchito ya udokotala inalowa pansi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830 anagulitsa zonse ku British Museum pa £4,000. Mu 1842 katswiri wa mafupa Richard Owen anaona kuti Megalosaurus, Iguanodon ndi chilombo china cha Mantell, Hylaeosaurus, zili ndi m'chiuno ndi miyendo yofanana, yosiyana ndi ya abuluzi, ndipo anaziika m'gulu limodzi latsopano lotchedwa Dinosauria. Ziboliboli za simenti zimene zinaimikidwa ku Crystal Palace mu 1854 motsatira malangizo ake zinasonyeza Iguanodon ngati chinyama chojintcha cha miyendo inayi, nyanga ili pamphuno. Mu 1878 anthu okumba malasha ku Bernissart, m'dziko la Belgium, anapeza ma Iguanodon athunthu ambiri, ndipo zinadziwika kuti nyanga ija inali chala chachikulu cha kudzanja. Ziboliboli zija zikadali chiimire kumwera kwa London, nyanga ili pomwepo.

Owen ameneyu ndiye tate wa myuziyamu monga tiidziwira lero. Mbiri imamukumbukira ngati munthu wovuta kugwira naye ntchito ndiponso wosakonda kugawana ulemu ndi anzake, Mantell akanachitira umboni. Koma pa nkhani ya nyumba anaona patali kuposa onse. Atasankhidwa mu 1856 kukhala Woyang'anira madipatimenti a zachilengedwe, anapeza malo atatheratu: zinthu zinkafika ndi sitima zapamadzi kuchokera m'maiko onse olamulidwa ndi Britain, koma zambiri zinkangokhala m'mabokosi osatsegula. Mu 1859 anapereka pulani ya nyumba yapayokha, yaikulu moti namgumi wathunthu n'kulowamo, yomwe mmisiri wamba akanatha kulowamo kwaulere n'kuphunzira. Aphungu ena anati n'kuwononga ndalama. Asayansi ena anati anthu wamba sasowa kuona mtundu uliwonse wa chikumbu. Owen anapeza bwenzi mwa William Gladstone, nduna ya zachuma, ndipo boma linagula malo ku South Kensington. Mpikisano wojambula pulani anapambana ndi Francis Fowke mu 1864, koma iye anamwalira chaka chotsatira, ntchito n'kugwera Alfred Waterhouse.

Kumanga kunayamba mu 1873 n'kutha mu 1880. Waterhouse anakuta nyumba yonse ndi matailosi a dongo lootcha, chifukwa dongo lotere silidyeka ndi utsi wa malasha umene unkadetsa London nthawi imeneyo. M'matailosimo anaumbamo zamoyo: kuphiko la kumadzulo zimene zilipobe, kuphiko la kum'mawa zimene zinatha. Kulekanitsaku anakufuna ndi Owen, amene sankagwirizana ndi Charles Darwin pa za mmene mitundu ya zamoyo imasinthira. Zitseko zinatsegulidwa pa 18 Epulo 1881, Lolemba la Pasaka, ndipo kusamutsa katundu pa ngolo zokokedwa ndi akavalo kunapitirira mpaka 1883.

Mwala wamtengo wapatali kuposa yonse unali utafika kale nyumbayo isanamangidwe. Mu 1861, m'dera la Solnhofen ku Bavaria kumene amakumba miyala yosalala, munapezeka chigoba cha nyama yaikulu ngati khwangwala, yokhala ndi nthenga, mchira wautali wa mafupa ndi zikhadabo pamapiko. Chinafika m'manja mwa dokotala wa m'deralo, Karl Häberlein, ndipo mu 1862 myuziyamu inachigula pamodzi ndi zotolera zake zina pa £700. Ameneyu ndi Archaeopteryx. Owen anati ndi mbalame basi, yakale koma mbalame. Thomas Huxley, woikira kumbuyo Darwin, anaona m'mafupa omwewo ubale wa mbalame ndi madinosaur, ndipo sayansi ya lero ili kumbali yake. Mwala umene Owen anaulimbikira kuti ugulidwe unathandiza otsutsana naye. Mu 1985 katswiri wa nyenyezi Fred Hoyle ndi anzake ananena kuti nthengazo zinachita kudindidwa ndi munthu pa simenti. Asayansi a pamyuziyamu anayeza mbali ziwiri za mwalawo, n'kusonyeza kuti timing'alu tating'ono kwambiri tikudutsa m'nthengazo mofanana mbali zonse, chinthu chimene wachinyengo sakanatha kupanga. Mu 2004 anaujambulanso ndi makina oona m'kati mwa fupa, n'kupeza kuti ubongo ndi khutu la nyamayo zinali zoyenera chouluka. Mwala ndi womwewo, mafunso ndi amene akhala akusintha.

Owen atapuma, William Henry Flower anakhala Mkulu wa myuziyamu mu 1884. Iye anali wa maganizo a Darwin, ndipo mu 1885 chiboliboli cha Darwin chinaikidwa pamasitepe aakulu. Mu 1927 chinachotsedwa, pamalopo n'kuikapo cha Owen, ndipo chinabwerera pokonzekera chikumbutso cha 2009. Flower ndiye anakhazikitsa mwambo wosiyanitsa zinthu zochepa zoonetsa anthu, zolembedwa bwino, ndi zochuluka zosungira ofufuza. Mu 1898 mtsikana wa zaka 19, Dorothea Bate, anafika kudzapempha ntchito pa nthawi imene amayi sankalembedwa ngati asayansi. Analoledwa kugwira ya ganyu, ndipo m'mapanga a ku Cyprus, Crete ndi Majorca anakafukula mafupa a njovu ndi mvuu zazing'ono kwambiri ndiponso a nyama yonga mbuzi imene sinkadziwika. Analembedwa ntchito mokhazikika mu 1948, ali ndi zaka pafupifupi 70.

Chimene chinakopa khamu la anthu sichinali fupa lenileni. Mfumu Edward VII itaona chithunzi cha Diplodocus kunyumba kwa mpondamatiki Andrew Carnegie ku Scotland, inanena kuti London ingakonde kukhala ndi chotere. Carnegie analipira amisiri kuti aumbe ndi pulasitala kope la chigoba chimene chinafukulidwa ku Wyoming mu 1899. Zidutswa 292 zinafika m'mabokosi 36, ndipo pa 12 Meyi 1905 chinyama cha mamita oposa 20 chinaonetsedwa. Anthu anachitcha Dippy. Kwa zaka zambiri mchira wake unkakhwekhwereka pansi, mpaka mu 1993 pamene anaukweza m'mwamba, ofufuza atatsimikiza kuti nyamazi sizinkakoka mchira poyenda.

Manyazi aakulu a bungweli anabwera mu 1912. Loya wina wokonda zofukula, Charles Dawson, anabweretsera Msungi wa dipatimenti ya miyala, Arthur Smith Woodward, zidutswa za chigaza zimene anati zapezeka m'dzenje la miyala ya msewu ku Piltdown, ku Sussex. Atakumba limodzi anapezanso nsagwada. Pa 18 Disembala 1912 analengeza ku Geological Society kuti apeza kholo la anthu, la chigaza chonga cha munthu ndi nsagwada yonga ya nyani. Okayikira analipo kuyambira tsiku loyamba, koma akuluakulu anakhulupirira, pa zifukwa ziwiri. Ankayembekezera kale kuti pa kusintha kwa munthu ubongo waukulu ndi umene unayamba. Komanso Germany inali ndi munthu wake wa ku Neanderthal, France inali ndi wa ku Cro-Magnon, ndipo England inkalakalaka wakewake. Dawson atamwalira mu 1916, ku Piltdown sikunapezekenso kanthu, ngakhale Woodward anapitiriza kukumba kwa zaka zambiri. Choipa kwambiri n'chakuti mu 1925, pamene Raymond Dart wa ku Johannesburg analengeza za chigaza cha mwana cha ku Taung, chaubongo waung'ono koma cha cholengedwa choyenda chiimire, akatswiri a ku London anachinyoza, mwa zina chifukwa sichinkagwirizana ndi Piltdown.

Koma mlandu suola. Mu 1949 Kenneth Oakley, wa pamyuziyamu pomwepo, anayeza kuchuluka kwa fluorine amene fupa limayamwa m'nthaka likakhalitsa, n'kupeza kuti mafupa a Piltdown si akale monga ankanenera. Mu Novembala 1953 iye pamodzi ndi Joseph Weiner ndi Wilfrid Le Gros Clark a ku Oxford anaulula zonse: chigaza chinali cha munthu wa zaka mazana angapo zapitazo, nsagwada inali ya nyani wa orangutan, mano anachita kupalidwa ndi tupa, ndipo zonse zinanyikidwa m'mankhwala kuti zioneke zakale. Kafukufuku wa mu 2016 analoza chala Dawson yekha. Bungweli linanamizidwa zaka 41 chifukwa linamva zimene linkafuna kumva. Linadziwombola chifukwa mafupa abodzawo linawasunga bwino, moti panali choti n'kuyezanso.

Woodward yemweyo analandiranso chigaza china, chenicheni, ndipo apa nkhani ikufika kwathu kuno. Pa 17 Juni 1921, mumgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe ku Zambia, anthu okumba anatulukira chigaza pafupifupi chathunthu, chankhope yaikulu ndi mafupa a pamwamba pa maso otukuka. Mabuku amatchula Tom Zwigelaar, wa ku Switzerland. Dzina la Mwafirika amene ankagwira naye ntchito silinalembedwe. Kampani ya mgodi inatumiza chigazacho ku London, ndipo Woodward anachitcha Homo rhodesiensis. Chinali chigaza choyamba chofunika cha munthu wakale kupezeka mu Africa, ndipo chimadziwikanso ndi mano ake obooka. Phanga limene chinapezekamo linatheratu ndi migodi, choncho kudziwa zaka zake kunavuta kwa nthawi yaitali. Mu 2020, poyeza chigazacho ndi zina zimene zinasungidwa pamodzi nacho, ofufuza anapeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000, zochepa kuposa zimene ankaganiza kale.

Boma la Zambia lakhala likupempha chigazachi kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo nkhaniyi inafika ku komiti ya UNESCO. Zambia imati chinatuluka mophwanya lamulo la mu 1912 loteteza zinthu zakale. Mbali ya Britain imati chinaperekedwa ngati mphatso ndi kampani, ndipo lamulo la mu 1963 limamanga manja matrasti pa nkhani yochotsa zinthu m'kaundula. Ku Livingstone Museum kuli kope chabe. Palibe angakane kuti London yachisamala, ndipo kuyeza kwa mu 2020 ndi umboni wake. Koma kuweta bwino mbuzi ya mnzako sikuisandutsa yako, ndipo lamulo limene Nyumba ya Malamulo inapanga, Nyumba yomweyo ikhoza kulisintha.

Madinosaur a kum'mawa kwa Africa nawo anakopa myuziyamu. Kuyambira 1909 mpaka 1913 Ajeremani anafukula matani oposa 200 a mafupa ku Tendaguru, kumwera kwa Tanzania ya lero, ndipo amtengatenga mazanamazana anawasenza pamutu ulendo wa masiku angapo kukafika kudoko la Lindi. Nkhondo yoyamba itatha dzikolo linapita m'manja mwa Britain, ndipo kuyambira 1924 mpaka 1931 myuziyamu inatumiza gulu lake. Mtsogoleri woyamba, William Cutler, amene anatenga mnyamata Louis Leakey ngati womuthandiza, anamwalira ndi malungo mu 1925. Ndalama zinali zochepa, ndipo zopeza sizinafike pa za Ajeremani. Mu 1930 gululi, lili pansi pa Frederick Migeod, linafikanso kudera la Karonga, kumene katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, Frank Dixey, anali atatolera kale mafupa. Mafupa a Dixey aja ndi amene anafotokozedwa ku South Africa mu 1928, ndipo mu 1993 anapatsidwa dzina latsopano lakuti Malawisaurus dixeyi ndi gulu la ofufuza limene munali Mmalawi, Elizabeth Gomani. Rex Parrington wa ku Cambridge, amene anali paulendo wa Migeod, m'zaka zomwezo anatolera fupa la mkono ndi mafupa asanu ndi limodzi a msana m'chigwa cha Ruhuhu, kutsidya kwa nyanja ku Tanzania. Alan Charig anawafotokoza m'kafukufuku wake wa digiri m'zaka za m'ma 1950, koma sanasindikize. Mafupawo anakhala m'dirowa mpaka kumapeto kwa 2012, pamene analengezedwa ndi dzina lakuti Nyasasaurus parringtoni, amene mwina ndi mmodzi mwa madinosaur oyambirira kapena wachibale wawo wapafupi. Charig anali atamwalira mu 1997, komabe dzina lake linaikidwa pakati pa olemba.

Pa nkhondo yachiwiri mabomba anagwera nyumbayi mu Seputembala 1940 n'kuwononga kwambiri dipatimenti ya zomera. Zinthu zambiri zinali zitasamutsidwira kumidzi, ndipo Dippy anaphwasulidwa n'kubisidwa m'chipinda chapansi. Mu 1963 myuziyamu inapatsidwa bodi yakeyake ya matrasti, n'kusiyana ndi British Museum. Pakati pa zaka za m'ma 1980 inatenga Geological Museum yoyandikana nayo, ndipo dzina la Natural History Museum linakhala lovomerezeka ndi lamulo mu 1992. Malipiro a pakhomo amene anayamba mu 1987 anathetsedwa mu 2001. M'nyengo imeneyi mwambo wa mayina unasinthako. Mu Januwale 1983 pulambala wina wokonda zofukula, William Walker, anapeza chikhadabo cha masentimita pafupifupi 30 m'dzenje la dongo ku Surrey. Gulu la pamyuziyamu linafukula gawo lalikulu la chigoba cha nyamayo, m'mimba muli mamba a nsomba, ndipo mu 1986 Charig ndi Angela Milner anachitcha Baryonyx walkeri, polemekeza wochipezayo.

Lero bungweli limayendetsedwa ndi bodi ya matrasti 12: asanu ndi atatu amasankhidwa ndi Nduna Yaikulu, mmodzi ndi nduna ya zachikhalidwe pomvera bungwe la Royal Society, ndipo atatu amasankhidwa ndi bodi yomwe. Pansi pa bodi pali Mkulu wa myuziyamu. Ndalama zimachokera ku boma, ku mabungwe othandiza kafukufuku, kwa anthu akufuna kwabwino, ndi ku malonda a pamalopo. Zosungidwa zili m'magulu asanu: zomera, tizilombo, nyama, miyala, ndi zamoyo zakale zokwiririka. Asayansi oposa 300 amagwira ntchito kumeneko, kuphatikizapo asungi, ofufuza ndi amisiri amene amatha miyezi akugoba mwala pang'onopang'ono kuti fupa lituluke losasweka. Pali laibulale yaikulu, nthambi ya ku Tring imene Walter Rothschild anaisiyira mtundu mu 1937, ndi Darwin Centre, imene inamalizidwa mu 2009. Myuziyamu imabwereketsa zinthu kwa ofufuza a m'maiko ena, imaphunzitsa a digiri zapamwamba mogwirizana ndi mayunivesite, ndipo munthu wamba akatola mwala wachilendo akhoza kufunsa kuti amuuze chimene watola.

Mu 2017 Dippy anachoka m'holo yaikulu kukazungulira mizinda ya Britain, ndipo m'malo mwake munapachikidwa chigoba chenicheni cha namgumi wa mamita 25, mtundu umene unatsala pang'ono kutha ndi alenje koma unayambanso kuchuluka utatetezedwa. Kusinthaku kukusonyeza kumene bungweli likuloza. Mu Januwale 2020 linalengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha kusintha kwa nyengo ndi kutha kwa zamoyo, ndipo ndondomeko yake yofika 2031 ikufuna kuti zosungidwazo zithandize kumvetsa mavuto amenewa. Miyala yakale ili ndi gawo lake pamenepa, poti ndi imene inalemba mmene zamoyo zinathera ndi kuphukanso nyengo itasintha kalelo. Mu Julayi 2024 anatsegula minda yatsopano kuzungulira nyumbayi, mmene muli Diplodocus wa mkuwa wotchedwa Fern. Pafupi ndi mzinda wa Reading akumanga malo atsopano a kafukufuku, kumene kudzasamukire zinthu pafupifupi 28 miliyoni. Mu 2024 alendo anaposa 6 miliyoni.

Ntchito imene ingafike kwa ife osakwera ndege ndi yojambula zinthu ndi kuika kaundula pa intaneti. Zoposa 5 miliyoni zili kale pa Data Portal ya myuziyamu, ndipo aliyense akhoza kufufuzapo kwaulere. Wophunzira wa ku Zomba, Mzuzu, Chipata kapena Lusaka amene akufuna kudziwa zimene zinachoka kwawo alembe dzina la dziko kapena la boma lake, koma ayesenso mayina akale a Nyasaland ndi Northern Rhodesia, poti timapepala tambiri tinalembedwa m'nthawi ya atsamunda.